Tsiku la "Imfa" pa kalendala ya a Aztec: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi, dzina sinditchula. Akuti pa gulupu yawo ya WhatsApp wina anaponyapo linki ya webusayiti ina yomwe umangolemba tsiku lobadwa nde imakuuza chizindikiro chako pa kalendala ya a Aztec, anthu anasangalala nazo, wina kalulu wina duwa wina chiwombankhanga, koma iwo atalemba tsiku lobadwa la mwana wawo wamkazi wa zaka 4 panatuluka chithunzi cha chibade ndi mawu oti Miquiztli, kutanthauza imfa. Chiyambire tsiku limenelo mtima sukukhala mmalo, mwana akangotsokomola pang'ono maganizo athamangira kale ku chibade chija. Funso lawo ndi ili: "Kodi kalendala imeneyi ndi chani kwenikweni, ndipo tsiku la imfali likutanthauza kuti mwana wanga sakhalitsa?"

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha nkhawa mwakhala nayo masiku onsewa, kholo lililonse likhoza kumva chimodzimodzi. Yankho ndi loti ayi. Ndipo sindikuti ayi pongofuna kukutonthozani, ngakhale eni kalendalawo akanakhala pompano sakanakuuzani zimenezo, chifukwa kwa iwo dzina la tsiku silinkawerengedwa mwachidule choncho. Khalani pansi ndikufotokozereni bwinobwino, nkhani yake ndi yaitali koma ndi yokoma.

Anthu amene lero timawatchula kuti a Aztec eni ake ankadzitcha Mexica, nkuona dziko lija likutchedwa Mexico. Likulu lawo linali Tenochtitlan, mzinda womangidwa pachilumba pakati pa nyanja ya Texcoco pomwe lero pali Mexico City, mbiri yawo imati anauyamba mu 1325 ndipo unagwa mmanja mwa Asipanishi otsogozedwa ndi Hernán Cortés pa 13 Ogasiti 1521. Chiyankhulo chawo ndi Nahuatl, mpaka lero anthu oposa 1.5 miliyoni akuchiyankhulabe. Timawaona ngati anthu akutali zedi koma chimanga chomwe timakonola nkugayitsa chija kwawo ndi ku Mexico, ngakhale mawu oti tomato anachokera ku mawu awo oti tomatl. Kalendala yomwe tikukambayi sanayambitse ndi iwo, anaipeza, mitundu ina ya dera lonselo ngati a Maya, a Zapotec ndi a Mixtec inali nayo kalekale. Ku San Bartolo mdziko la Guatemala anafukula kachidutswa ka khoma kolembedwa tsiku loti 7 Mbawala, ka zaka za pakati pa 300 ndi 200 Yesu asanabadwe, nde mutha kuona kuti a Aztec asanabwere nkomwe masikuwa anali atawerengedwa kale zaka zoposa 1,000.

Dzina lake ndi tonalpohualli, kuwerenga masiku, ndipo ili ndi masiku 260. Kuti muimvetse taganizirani mmene ife timanenera kuti Lachisanu pa 13, dzina la tsiku likuyenda palokha deti nalo likuyenda palokha, nkumakumana mosiyanasiyana. Iwo anali ndi mayina 20 a masiku ndi manambala 13 okha. Mayinawo motsatana ndi awa, Cipactli ng'ona, Ehecatl mphepo, Calli nyumba, Cuetzpalin buluzi, Coatl njoka, Miquiztli imfa, Mazatl mbawala, Tochtli kalulu, Atl madzi, Itzcuintli galu, Ozomatli pusi wangati nyani uja, Malinalli udzu, Acatl bango, Ocelotl nyalugwe wakumeneko uja amati jaguar, Cuauhtli chiwombankhanga, Cozcacuauhtli muimba, Ollin kugwedezeka, Tecpatl mpeni wamwala, Quiahuitl mvula, womaliza Xochitl duwa. Nde umayamba 1 Ng'ona, mawa 2 Mphepo, mkuja 3 Nyumba, chonchobe mpaka 13 Bango, apo manambala atha koma mayina akadalipo 7, ndiye tsiku lotsatira ndi 1 Nyalugwe, 2 Chiwombankhanga, kukafika 7 Duwa, mayina nawo atha abwerera poyamba, 8 Ng'ona. Kuti 1 Ng'ona abwerenso papite masiku 260, yomwe ndi 13 kuchulukitsa ka 20. Chifukwa chake cha 260, ena amaloza ku nyengo ya ulimi ena ku kayendedwe ka dzuwa, koma chomwe ine chimandigwira mtima ndi chomwe owerenga masiku a ku Guatemala amanena okha, kuti ndi nthawi yomwe mwana amakhala mmimba mwa mayi ake, pafupifupi miyezi 9.

Apa mwaona kale vuto loyamba la zomwe munandilembera. Mwangonditumizira dzina, Miquiztli, nambala palibe. Pa masiku 260 aja tsiku la imfa limabwera ka 13, lililonse ndi nambala yake, lililonse lili mkagulu kake ka masiku 13 komwe kali ndi mulungu wake wokayang'anira, ndipo tsiku loyamba la kaguluko limapereka fungo lake kwa ena onse otsatira. Kunena kuti mwana ndi wa imfa basi kuli ngati kufunsa munthu tsiku lobadwa iye nkungoti Lachitatu. Komanso tawerengani, mwana mmodzi pa ana 20 aliwonse ankabadwa tsiku la Miquiztli, mu mzinda waukulu ngati Tenochtitlan amenewo ndi anthu masauzande, ankakula, kukwatira, kukalamba ngati wina aliyense.

Mawu oti tonalli, omwe ali mkati mwa dzina la kalendalali, ndi ozama. Amatanthauza tsiku, amatanthauza kutentha kwa dzuwa, amatanthauzanso kamphamvu kena kamoyo komwe ankakhulupirira kuti kamakhala mmutu mwa munthu, kamene kakhoza kukula, kufooka, kudetsedwa kapena kuthawa munthu akadzidzimuka kwambiri. Nde tsiku lobadwa kwa iwo linali ngati katundu amene wapatsidwa kuti umusamale.

Mwana akabadwa mzamba ankadula mchombo, wa mwana wamwamuna ankaupereka kwa asilikali akaukwirire kubwalo lankhondo, wa mwana wamkazi ankaukwirira pafupi ndi mafuwa. Kenako makolo ankapita kwa katswiri wotchedwa tonalpouhqui, iyeyu ankafunsa bwinobwino nthawi yomwe mwana wabadwa, ngati ndi usiku pakati pa usiku panali patadutsa kapena ayi, chifukwa apo mpamene pankadziwika kuti mwanayo ndi wa tsiku liti. Akatero ankafunyulula buku lake lopinda mapindemapinde lotchedwa tonalamatl, lopangidwa ndi khungwa la mtengo kapena chikopa, lodzaza zithunzi zamitundumitundu, nkuyamba kuwerenga. Patapita masiku 4 pankakhala mwambo womusambitsa mwana mbandakucha pabwalo ndi kumutcha dzina, wamwamuna ankamuikira kachishango, kauta ndi timivi mmanja, wamkazi kachipangizo kopotera thonje. Tsono chomwe ndikufuna muchigwire mayi ndi ichi, katswiri uja akaona kuti tsiku lobadwa ndi lovuta ankasuntha tsiku losambitsa, nkusankha lina labwino mkagulu komweko ka masiku 13, kuti mwanayo atengeko mwayi wa tsiku limenelo. Manambala omalizira, 10, 11, 12 ndi 13, ankaonedwa abwino, 9 ndiye ankamuopa. Ntchito ya katswiriyo inali kufunira mwana njira, osati kuopseza makolo nkuwasiya choncho ngati mmene yakuchitirani webusayiti ija.

Tibwere pa imfa penipenipo. Tsiku la 1 Imfa, mchiyankhulo chawo Ce Miquiztli, linali limodzi mwa masiku abwino. Linali tsiku la Tezcatlipoca, mulungu wamphamvu amene ankati ndiye amapatsa chuma ndi ulemu komanso amalanda akafuna, ndipo mwana wobadwa tsikuli ankati adzalemera ndi kulemekezeka akakhala wodzichepetsa ndi wosamala za mapemphero ake. Pa tsikuli akapolo ankawavula magoli, kuwasambitsa, kuwasamalira, mwini nyumba nkuchenjeza ana ake kuti pasapezeke wokalipira kapena kumenya kapolo, chifukwa akapolo ankatengedwa ngati ana okondedwa a Tezcatlipoca ndipo wowazunza tsikuli ankaopa kuti ukapolowo utembenukira kwa iye. Ine ndime imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbuka, ukapolo unali woipa ndithu ndipo tsiku limodzi silikanaufafaniza, koma taonani kuti tsiku lojambulidwa chibade ndi lomwe olemera ankakumbutsidwa kuti zinthu zimasintha, amene ali pamwamba lero mawa akhoza kukhala pansi.

Pomwe kalulu, amene anzanu apagulupu anamusangalalira, ndiye anali ndi tsiku lodetsa nkhawa. Wobadwa pa 2 Kalulu, Ome Tochtli, ankati adzakhala chidakwa, ndipo kafotokozedwe kake nkomvetsa chisoni chifukwa ndi munthu amene tonse timamudziwa, kudzuka mmawa maganizo ali pa mowa, za chakudya ayi za ana ayi, akasowa chogulira agulitsa nsalu yomwe wavala, nkhope yotupa mabala thupi lonse chifukwa chakugwa, mapeto ake kugwera kuphompho kapena kumira mmadzi. Mowa wawo unkatchedwa octli, lero amati pulque, wochokera ku madzi a chomera chotchedwa maguey chomwe ndi chapachibale ndi khonje. Milungu ya mowa ankaitcha akalulu 400, kutanthauza osawerengeka, poti kuledzera kuli mitundumitundu, wina akaledzera amalira wina amayimba wina ndewu wina tulo, nde akaona munthu akuchita zake ankati ameneyo ndiye kalulu wake. Ndipo lamulo pa mowa linali lolimba, wachinyamata woledzera pagulu ankalangidwa koopsa mwina mpaka kuphedwa, okalamba ndiwo ankaloledwa kumwa momasuka.

Masiku ena ndingodutsamo. 1 Duwa linali la anthu ansangala, oyimba ndi aluso lamanja, ndipo pa 7 Duwa ojambula ndi amayi opeta nsalu ankachita chikondwerero chawo. 1 Njoka linali la amalonda oyenda maulendo ataliatali otchedwa pochteca, ankadikira tsiku limeneli kuti anyamuke. 1 Mphepo ankati ndi la amatsenga. Panalinso masiku 5, omwe ndi 1 Mbawala, 1 Mvula, 1 Pusi, 1 Nyumba ndi 1 Chiwombankhanga, omwe makolo sankalola ana kutuluka panja chifukwa ankati mizimu ya amayi omwalira pobereka, cihuateteo, imatsikira pamphambano nkudwalitsa ana. Amayi amenewa ankawalemekeza mofanana ndi asilikali ofera kunkhondo, ankati iwo ndi amene amaperekeza dzuwa kuyambira masana mpaka kukalowa, mwakuti kumadzulo ankakutcha Cihuatlampa, dera la amayi.

Koma pa zonsezi pali mfundo imodzi yomwe imabwerezedwabwerezedwa. Wobadwa tsiku labwino akakhala waulesi, wamwano, wosamva malangizo, ankati waliwononga yekha tsiku lake, mwayi wamuthawa. Wobadwa tsiku loipa, mwachitsanzo 1 Nyalugwe lomwe ankati mwini wake akhoza kudzagwidwa kunkhondo kapena kugulitsidwa ukapolo, akakhala wakhama, wodzuka mmamawa, womvera akulu ndi wodziletsa, zinkamuyendera. Zija amati ukaipa dziwa nyimbo. Ichi ndi chomwe mawebusayiti amachisiya, chifukwa iwo anangotenga mayina 20 aja nkuwaveka malaya a zanyenyezi za mmanyuzipepala zija, wakuti ndi wokonda anthu wakuti ndi wamtima wapachala, pomwe eni ake sankaganiza choncho.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi tikuzidziwa bwanji. Gawo lalikulu ndi chifukwa cha wansembe wa chipani cha Fransisko dzina lake Bernardino de Sahagún, amene anafika ku Mexico mu 1529, anaphunzira Nahuatl, nkukhala zaka zambiri akufunsa akuluakulu mothandizidwa ndi ophunzira ake omwe anali eni chiyankhulocho. Ntchito yawo ndi mabuku 12 omwe lero amatchedwa Florentine Codex chifukwa amasungidwa ku Florence mdziko la Italy, anamalizidwa cha mma 1577, ndipo buku la 4 ndi lomwe limakamba za masikuwa. Iye mwini sankaikonda kalendalayi, ankaiona ngati ntchito ya mdyerekezi ndipo cholinga chake chinali choti ansembe anzake aizindikire kuti aithetse, nde powerenga ndi bwino kukumbukira kuti mawu a akuluakulu aja anadutsa mmanja mwa munthu wotsutsana nawo, patapita zaka zambiri mzinda utagwa. Mabuku enieni a zithunzi ambiri anatenthedwa, otsala ndi owerengeka ndipo ambiri mwa iwo ali kunja kwa Mexico, Codex Borbonicus ili ku Paris, Codex Borgia ili ku Vatican. Zimandiwawa ndithu kuti mwana wa ku Mexico amene agogo ake ankayankhula Nahuatl akafuna kuona buku la makolo ake ndi maso akwere ndege kupita ku Ulaya.

Panali kalendala inanso yoyendera limodzi ndi iyi, ya masiku 365, yotchedwa xiuhpohualli, miyezi 18 ya masiku 20 iliyonse ndi zikondwerero zake za mvula, chimanga ndi nkhondo, kutsala masiku 5 otchedwa nemontemi, masiku opanda pake. Amenewa ndiwo ankaopedwadi, anthu sankagwira ntchito zikuluzikulu, sankakangana poopa kuti ukakangana pamenepo chizolowezicho chikumatirira. Chaka chilichonse chinkatenga dzina kuchokera pa kalendala ya 260 ija, ndipo masamu ake amangolola mayina 4, Bango, Mpeni, Nyumba ndi Kalulu, mwachitsanzo 1519 pomwe Cortés anafika chinali chaka cha 1 Bango, 1521 chinali 3 Nyumba. Chaka cha 1 Kalulu chinkaopedwa chifukwa cha njala, mu 1454 nthawi ya mfumu Moctezuma woyamba kunagwa njala yoopsa mvula itavuta zaka zingapo zotsatizana, mpaka anthu ankadzigulitsa okha ndi ana awo kwa a Totonac akugombe posinthana ndi chimanga. Apa mutha kuona kuti matanthauzo ena a masiku ndi zaka ankachokera pa zowawa zenizeni zomwe mtundu unadutsamo nkusafuna kuziiwala.

Makalendala awiriwa ankakumananso poyambira pakatha zaka 52, omwe ndi masiku 18,980, ndipo pamenepo pankakhala mantha aakulu kuti mwina dzuwa silitulukanso. Moto wonse unkazimitsidwa mnyumba ndi mmakachisi, miphika kuswa, mafuwa kutaya, amayi oyembekezera kuwaveka zophimba kumaso za masamba a maguey nkuwatsekera mnkhokwe poopa kuti asanduka zilombo, ana kuwagwedeza usiku wonse asagone poti ankati akagona asanduka mbewa. Ansembe ankakwera phiri la Huixachtlan, lero amati Cerro de la Estrella ku Iztapalapa, nkumayang'ana kagulu ka nyenyezi kotchedwa Pleiades, Nsangwe zija, iwo ankati Tianquiztli kutanthauza msika. Zikadutsa pamutu pakati pa usiku ndiye kuti dziko lapatsidwa zaka zina 52, ankapeka moto watsopano pachifuwa cha munthu wogwidwa kunkhondo, nkumupha kuponya mtima wake pamotopo. Izi sindingazikometse, kupereka anthu nsembe kunalidi pakati pa chipembedzo chawo. Kuchoka apo othamanga ankanyamula miyuni kugawa motowo mmizinda yonse, anthu nkuvala zatsopano kuyala mphasa zatsopano. Mwambo womaliza unachitika mu 1507 nthawi ya Moctezuma wachiwiri, chaka cha 2 Bango, wotsatira ukanakhala mu 1559 koma apo nkuti zonse zitasintha.

Chimwala chozungulira chomwe mumachiona pa intaneti akati kalendala ya a Aztec, chija chili ndi nkhope pakati, chinafukulidwa pa 17 Disembala 1790 pabwalo lalikulu la Mexico City lotchedwa Zócalo, mmimba mwake ndi pafupifupi mamita 3.6, kulemera matani oposa 20, pano chili ku nyumba yosungira zakale ya Museo Nacional de Antropología. Mayina 20 aja anasemedwa mozungulira, chibade cha Miquiztli chiliponso pakati pa njoka ndi mbawala. Sichinali chowerengera masiku tsiku ndi tsiku ayi, chimafotokoza nkhani ya maiko 4 omwe ankati anakhalapo nkuwonongeka, 4 Nyalugwe, 4 Mphepo, 4 Mvula ndi 4 Madzi, ndi lachisanu lomwe ankati tilimo, 4 Kugwedezeka, lodzatha ndi zivomezi. Mu 2012 anthu ankafalitsa chithunzi cha mwala umenewu nkumati dziko litha pa 21 Disembala, chonsecho tsiku limenelo linachokera pa kawerengedwe kena ka a Maya komwe a Aztec sankagwiritsa ntchito nkomwe, ndipo anthu ambiri anavutika mumtima pachabe ngati mmene mwavutikira inumu.

Chinanso choti mudziwe, kuti webusayiti isinthe deti lathu kukhala tsiku la chi Aztec imafunika poyambira, ndipo ambiri amatsata katswiri wa ku Mexico Alfonso Caso amene anamangirira kawerengedwe kake pa tsiku lomwe Tenochtitlan inagwa, 13 Ogasiti 1521, lomwe zolemba zakale zimati linali 1 Njoka. Koma si onse amatsata iyeyo, ena ali ndi kawerengedwe kawo, ena anangogawa chaka mzigawo nkumata mayina, nde musadabwe mutalemba deti lomwelo pa webusayiti ina mwana wanu nkutuluka mbawala kapena duwa.

Kumapiri a ku Guatemala, mmadera ngati Momostenango, a Maya a mtundu wa K'iche' akuwerengabe masiku 260 amenewa mpaka lero, owerengawo amatchedwa ajq'ij, amuna ndi akazi omwe, ndipo tsiku lomwe a Aztec ankati Miquiztli iwo amati Kame, amalitenga ngati tsiku lokumbukira makolo omwe anatsogola. Ana akubadwabe pa tsiku limeneli kumeneko masiku 20 aliwonse, amayi awo amawabereka kumbuyo nkupita nawo kumsika.

Za kutsokomola kuja mayi, kukapitirira masiku angapo kapena mukaona thupi latentha kapena akupuma movutikira, pitani naye kuchipatala msanga akamuone. Ndipo ngati mukufunabe kudziwa zambiri za tsiku lake bwererani pa webusayitipo muone ngati pali nambala pambali pa chibadecho, nthawi zambiri amaijambula ngati timadontho, muwerenge timadonthoto mundilembere, ndidzakuwerengerani kuti tsikulo lili mkagulu kati ka masiku 13. Mundipatsire moni mwanayo.